Galu Wokhala Pampando wa Malemu

Mayi Kim-ki atawodzera pachiwongolero n'kulowetsa lole yawo yabuluu m'munda wa tiyi wa eni ake, kabichi mbwee phiri lonse, mwana wawo Le-hua analamula kuchokera ku Taichung kuti pofika Lamlungu pampando wa pambali pakhale chamoyo choti chiziwadzutsa, apo ayi lole igulitsidwa. Ndiye Lachinayi masana mayiwo anatulukira kunyumba ya makolo ku Puli, kumene alamu awo a Hok-lai amasamala guwa la banja, atanyamula magwafa atatu ndi kalendala ya zithunzi za agalu, kudzafunsa malemu amuna awo nkhani imene iwo anali atagamula kale, monga timachitira tonse akazi a msinkhu uno.

"Ndabwera kudzawauza achimwene anu kuti ndikutenga galu," anatero Mayi Kim-ki, akutula magwafa paguwa.

A Hok-lai anachotsa magwafawo limodzilimodzi n'kuikapo malalanje. "Magwafa sakwera paguwa, alamu."

"Ankawakonda."

"Ankawakonda ali moyo. Ndiye mwabwera kudzawauza kapena kudzawafunsa?"

"N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi. Kuwauza ndi lubani basi. Kuwafunsa ndi lubani ndi timatabwa."

"Tulutsani timatabwato. Le-hua akuti Loweruka adzakuimbirani inu kuti amve ngati bambo ake avomereza chokhala pampando wawo. Ine sandikhulupirira."

"Chifukwa?"

"Ndinamuuza kuti munda wa tiyi ndi umene unalowa mumsewu."

"Unalowa?"

"Aa, a Positi, tulutsani timatabwa."

Ankawatcha a Positi chifukwa bamboyu anadinda makalata zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo anabwezapo kalata yopita kwa mayi ake omubereka poti inalibe nambala ya nyumba. Bodza sankalidziwa, nthabwala sankazimva. Anatsegula kabati n'kutulutsa timatabwa tiwiri tofiira, topindika ngati mwezi wongooneka kumene, n'kutipukuta ndi mpango.

"Kamodzi kakagwa chagada, kena chafufumimba, avomera," anatero. "Tonse chafufumimba, akana. Tonse chagada, akuseka. Ndipo kuvomera kumakhala kuvomera kukabwera katatu motsatizana."

"Mukuphunzitsa ndani? Ndinayamba kuponya timeneti inu mukadali ndi mamina."

"Ndikungonena, kuti tisadzakangane."

"Ine ndi inu tingakangane?"

A Hok-lai anayatsa timitengo titatu ta lubani n'kuwapatsa. "Yambani ndi dzina, chaka chobadwa, ndi kumene mukukhala."

"Ndiuze ndani?"

"Achimwene."

"Munthu amene anandilanda bulangete zaka makumi anayi?"

"Uko kuli anthu ambiri, alamu. A Kim-ki oitana amuna awo masana ano mwina alipo mazana. Kalata yopanda keyala imasochera."

Mayi Kim-ki anapumira m'mwamba, anakweza lubani pamphumi, n'kuyang'ana kathabwa kolembedwa dzina la malemu a Ban-seng. "Bambo a Le-hua, ndine Kim-ki, mkazi wanu yekhayo, ngati simunapeze wina uko. Ndikukhala pomwe munandisiya, kuseri kwa sitolo ya feteleza. Pakalendala ya makolo, ya zaka za maina a nyama, ndinabadwa chaka cha nkhumba."

"Cha tambala," anatero a Hok-lai.

"Cha nkhumba."

"Ndinaona pepala lanu lobadwira nthawi ya maliro. Mwachotsapo zaka ziwiri."

"Achimwene anu anamwalira akudziwa cha nkhumba. Mukufuna asandizindikire?"

A Hok-lai anakanda kumutu. Imeneyi inawakulira. "Nenani zonse ziwiri."

"Ndinabadwa chaka cha tambala, koma kwa inu cha nkhumba. Mwafika?"

Anaponya. Timatabwa tinagwa tonse chagada, tikugwedezeka pansi ngati ana akukomoka ndi phwete.

"Akuseka," anatero a Hok-lai.

"Ndaona."

"Mwina amva za tambalazo."

"Ndati ndaona. Bambo a Le-hua, mukatha kusekako, mwafika?"

Kamodzi chagada, kena chafufumimba. Anali atafika.

Mayi Kim-ki anafunyulula kalendala, anadumpha miyezi itatu ndi chala chonyambita, n'kuima pa Epulo. Pamenepo panali kagalu kofiira, ubweya wopotanapotana ngati kachokera kosalalitsa tsitsi, kariboni pamutu. Kagalu kotero anali atakaona kale kwa mayi wina woweta agalu, anali atakasokera katsamiro, ndipo dzina lake linali kale m'mutu. Zimenezi sananene.

"Taonani kukongola kwake. Kagalu aka mukukafuna, eti?"

Tonse chafufumimba.

"Akana," anatero a Hok-lai.

"Kamodzi kanagunda mwendo wa tebulo."

"Tebulo ndi la m'nyumba muno. Achimwene akulidziwa."

"Ndibwereza."

Anabwereza. Chafufumimba, mwakachetechete, ngati chitseko chotsekedwa ndi munthu waulemu.

"Sakuona," anatero Mayi Kim-ki, akukankhira kalendala pafupi ndi kathabwa ka dzina. "Munthu uyu popanda magalasi ankapereka moni kwa mtengo wa magetsi."

"Magalasi tinawaotchera chaka chatha. A pepala. Pamodzi ndi nyumba yosanja ndi galimoto."

"Galimoto, munthu wosadziwa ngakhale pamene pali hutala."

"Inali ndi dalaivala wake. Wa pepala." A Hok-lai anakweza chala. "Koma ndaona pamene palakwika, alamu. Mwafunsa ngati iwo akukafuna. Akuganiza kuti mukufuna kuwaotchera galu wa pepala."

"Ndiotche galu ine?"

"Achimwene ankaopa agalu. Analumidwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

"Chipsera ndikuchidziwa kuposa inu. Chinali pamalo oti inu simunaonepo."

"Ndinaona. Ndine ndinanyamula kabudula."

Mayi Kim-ki anatola timatabwa. "Mdala, mvetserani bwino. Galuyu ndi wa ine. Wamoyo, wa magazi, wosapsa. Azikhala pampando wanu, ine ndikuyendetsa. Mwavomera?"

Tonse chagada.

"Akuseka."

"Akuseka mokondwa."

"Timatabwa sitinena mtundu wa kuseka."

"Kuseka ndiko kuvomera kwa munthu wamanyazi. Pondifunsira anangoseka chomwechi."

"Ndiye anavomera liti?"

"Sanavomerepo. Ndinangosamukira."

"Ndikamuuza Le-hua kuti akana kawiri, aseka kamodzi."

"Mukamuuze kuti nkhani ikadali m'kati." Mayi Kim-ki anakhala pampando n'kuvula nsapato imodzi. "Mdalayu ali ndi nsanje. Waona kuti kagaluka n'kokongola kuposa iye."

"Chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri," anatero a Hok-lai, akubweza kalendala kuchiyambi. "Tiyambe ndi Januwale."

"Wa maso abuluuyo? Ameneyo ndi wa kumayiko ozizira. Ndikatsika naye kuchigwa asungunuka."

"Galu sasungunuka."

"Ameneyo angayambe."

"Funsanibe."

"Sindifunsa zimene sindikufuna."

"Nanga ngati akuzifuna iwo?"

"Adzakwera naye ndi iwo?"

A Hok-lai anatembenuza tsamba. "Febuluwale."

"Iii, soseji ya miyendo. Ameneyo akwera bwanji mulole?"

Bamboyo anayeza miyendo ya galu wa pachithunzi ndi zala, anasuzumira pawindo kuyang'ana sitepe ya lole, n'kugwedeza mutu. "Sangakwere. Pokhapokha mumupangire makwerero."

"Ndikhale mmisiri wa matabwa chifukwa cha soseji."

"Malichi ndi wamkulu, wachikasu. Akuti ndi wofatsa."

"Ameneyo atakhala pampando, giya ndiigwirira kuti? Komanso taonani malovuwo. Ndizidzafika kumsika ngati ndadutsa mumtsinje."

"Meyi."

"Wa ku Japan, wa nkhope ya nkhandweyo? Mnzanga wogulitsa adyo ali naye. Ukamuitana amakuyang'ana ngati wabwera kudzapempha ntchito."

"Juni."

"Uyu nkhope anaigunditsa pakhoma?"

"Anabadwa choncho. Pansi apa alemba kuti amakonda kugona ndipo amaliza mkonono."

"Ndiye andidzutsa bwanji iye ali mtulo?"

"Achimwene ankaliza mkonono."

"Kunyumba. Mulole ankalongolola." Mayi Kim-ki analoza kathabwa ka dzina ndi nsapato imene inali m'manja. "Kuchokera kuminda ya kuphiri mpaka kumsika, pakamwa osatseka. Wathamanga. Wachedwa. Giya imeneyo si yake. Ukanamudutsa uyo. Wamudutsiranji uyo. Munthu woti chiwongolero ankachiona ngati njoka. Zaka makumi atatu ndinayenda nawo msewu umenewu, sindinawodzepo ngakhale kamodzi. Ungagone bwanji uli ndi maganizo opha munthu?"

"Munkafuna kuwapha?"

"Tsiku lililonse."

A Hok-lai anayang'ana guwa mwamantha. "Akumva, alamu."

"Ankadziwa. Tsopano mulole muli zii. Wailesi ndimatsegula, koma wailesi siyankha ukaitukwana."

Anavala nsapato ija. A Hok-lai anakonza lalanje limene silinasunthe n'komwe.

"Pali wina amene mulibe mukalendala," anatero bamboyo. "Galu wa a Khu kuseriku waswa ana asanu. Akuda, a kwathu konkuno, a mchira wa chikwakwa. Sadwala, sasankha chakudya."

"Lole iliyonse ku Puli ili ndi galu wotero ataima kumbuyo ngati kapitawo."

"Ndiye kuti ndi abwino."

"Ndiye kuti ndi wamba. Ine ndikufuna ndikamalowa mumsika anthu azitembenuka."

"Anatembenuka kale sabata yatha, lole ikukokedwa."

Mayi Kim-ki anawayang'anitsitsa. Nkhope ya a Hok-lai inali yoyera ngati envulopu yosalemba. Munthuyo sankanyoza ayi, ankangonena zimene zinachitika, ndipo n'zimene zimapweteka kwambiri.

"Chabwino. Ndifunsa kuti mukhale chete. Mdala, galu wakuda wa a Khu?"

Kamodzi chagada, kena chafufumimba.

"Avomera," anatero a Hok-lai.

"Kamodzi. Lamulo ndi katatu."

"Ndimati munayamba kuponya ine ndili ndi mamina."

"N'chifukwa chake ndikulidziwa. Katatu motsatizana, osadumpha." Anatola timatabwa, anatipumira mpweya, n'kunong'ona, "Mdala, ganizani bwino. Wofanana ndi uja anakulumani."

"Kunong'ona sikuloledwa."

"Ndikupemphera."

Tonse chafufumimba.

"Akana," anatero Mayi Kim-ki, nkhope ili ngwee. "Zikomo bambo. Mukadali ndi nzeru."

"Ndiye agalu atsala a Julayi mpaka Disembala."

"Ndawaona onse. Wina ndi khoswe wonjenjemera, wina ndi mopu, wina akuoneka ngati wapolisi. Ine ndi wa Epulo basi."

"Wa Epulo anakanidwa."

"Anasekedwa."

A Hok-lai anapinda manja kumbuyo n'kuyenda uku ndi uku. "Koma tikulakwitsa, alamu. Le-hua anati chamoyo choti chizikudzutsani. Sanati galu."

"Ndiye?"

"Tambala. Ntchito yake ndi yomweyo."

"Ndiyende ndi tambala pampando wa amuna anga?"

"Sadya zambiri."

"Amalira kamodzi m'mawa. Ine ndinawodzera dzuwa lili paliwombo."

"Tsekwe, ndiye. Amalira nthawi iliyonse, ndipo amajompha."

"A Positi, mukufuna ndifike kumsika ndi tsekwe atamanga lamba?"

"Lamba ndi lamulo kwa aliyense wokhala kutsogolo."

"Bwanji osangoti nsomba m'ndowa?"

A Hok-lai anaima n'kuganiza mozama. "Nsomba ndi yamoyo. Koma siingakudzutseni, pokhapokha madzi atakhavukira pamiyendo. Pamakona a kuphiri aja angakhavuke ndithu. Funsani."

"Ndimaseka."

"Munene mukamaseka, alamu. Ine sindidziwa." Analoza paguwa. "Komanso fulumirani. Lubani akatha, achimwene abwerera. Sitiwaitana kawiri tsiku limodzi, ndipo mawa ndi tsiku loipa pakalendala ya makolo."

Mayi Kim-ki anayang'ana lubani. Anali atatsala ngati chala cha mwana. Mawa loipa, mkuja Le-hua aimba lamya, Lamlungu abwera ndi munthu wogula. Lole imeneyo ndi imene inaphunzitsa Le-hua yemweyo mpaka kukhala munthu wolamula amake palamya. Popanda loleyo, iwo adzakhala chiyani? Nkhalamba ya pakhonde yowerenga magalimoto a anzake, yodikira kuti wina aitengere kuchipatala.

Anatola timatabwa pang'onopang'ono.

"Mdala," anatero, mawu atatsika, "kapena nanunso mukufuna ndiigulitse?"

"Alamu," anatero a Hok-lai, "funso limene simungapirire yankho lake musafunse."

"Ndafunsa kale."

Anatsegula manja. Timatabwa tinagwa tonse chafufumimba, phwa, osadumpha ngakhale pang'ono.

"Akana," anatero a Hok-lai.

Mayi Kim-ki anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Lubani wanuyu ndi wotchipa. Utsi wake umalowa m'maso."

"Ndi yemwe uja munagula inu."

"Ndiye ndinapusitsidwa." Anamina, anatola timatabwa, ndipo mkwiyo unabwerera pamalo pake ngati munthu wochokera kuulendo. "Tsopano mdala, tamvani. Wa Epulo ayi. Wakuda ayi. Kugulitsa ayi. Muli moyo munali chomwechi, kukana chilichonse osapereka nzeru ina. Ndiye galu wanga akhale ndani? Mng'ono wanu uyu?"

Analoza a Hok-lai ndi manja onse awiri, ndipo timatabwa tinapulumuka.

Kamodzi chagada, kena chafufumimba.

Panja njinga yamoto inadutsa, wogulitsa mabanzi otentha akuitanira.

"Avomera," anatero a Hok-lai.

"Tapulumuka m'manja."

"Tapulumuka funso litatha."

"Silinali funso. Kunali kutukwana."

"Linali ndi dzina la wofunsidwa, ndi chinthu chofunsidwa. Linali funso."

"A Positi, ine ndi inu m'kachipinda kamodzi ka lole maola asanu ndi limodzi? Wina adzatsika ali m'bokosi."

"Inenso sindikufuna, alamu. Ine ndimachita chizungulire ngakhale m'basi ya m'tauni. Kuphiri sindinapiteko chichitikireni chivomezi chachikulu chimene chinagwetsa nyumba kuno ku Puli."

"Ndiye tagwirizana. Sizinachitike."

"Zachitika."

"Palibe waona."

"Aona achimwene. Ndaona ine." Bamboyo anatola timatabwa n'kuwapatsa. "Funso likavomerezedwa kamodzi silisiyidwa panjira. Muponyenso."

"Mukudzikumbira nokha dzenje."

"Ndikudziwa. Ndipo mubwereze mawu omwewo, osasintha."

"Omwe ati?"

"Munati, galu wanga akhale ndani, mng'ono wanu uyu. Koma mutchule dzina, poti achimwene anali ndi ang'ono awo atatu."

"Awiri enawo ali nawo konko."

"N'chifukwa chake pafunika kusiyanitsa."

Mayi Kim-ki anakweza timatabwa. "Mdala, nthabwala zatha. Galu wanga akhale mng'ono wanu Hok-lai?"

"Wobadwa chaka cha kalulu," anawonjezera a Hok-lai, maso ali chotsinzina. "Wokhala m'nyumba muno."

Anaponya mokhotetsa dzanja, ngati wotaya madzi otsukira mbale. Timatabwa tinazungulira, tinagundana, n'kugona. Kamodzi chagada, kena chafufumimba.

A Hok-lai anakhala pansi pampando osauyang'ana. "Kawiri."

"Mdalayu akubwezera. Ndi nkhani ya chaka cha tambala ija."

"Akubwezera inu kapena ine?"

"Inu munawalakwira chiyani?"

"Ndinaulula kwa bambo kuti ndi iwo anagwetsa njinga mumtsinje."

"Liti?"

"Zaka makumi asanu ndi zisanu zapitazo."

"Eee, ndi iwowo. Sankaiwala." Mayi Kim-ki anatambasula dzanja. "Kachitatu ponyani inu."

"Woyamba funso ndiye amamaliza."

"Dzanja langa lachita dzanzi."

"Muli ndi lina."

"Mukudziwa kuti ndimaimba ndikamayendetsa?"

"Ndamvapo mukudutsa. Ndimaganiza kuti ndi mabuleki."

"Ndimadya adyo wosaphika."

"Ine ndimawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha pamsewu. Sinditha kudziletsa."

"Chilichonse?"

"Ndi manambala a magalimoto a kutsogolo."

Onse awiri anayang'ana kathabwa ka dzina ndi maso opempha chifundo. Lubani anali atatsala kachidutswa kofiira.

"Mdala," anatero Mayi Kim-ki, "komaliza. Galu wanga akhale mng'ono wanu Hok-lai, wa chaka cha kalulu, wa chizungulire, wowerenga zikwangwani?"

Anaponya ndi mphamvu zonse. Kamodzi kanagwa pakati pa chipinda chagada. Kena kanadumpha, kanagubuduka, n'kulowa pansi pa guwa, kuseri kwa nsalu yofiira.

"Musakagwire," anatero a Hok-lai, akudzuka. "Kaonedwe mmene kagonera. Ndikatenge tochi."

Atangotuluka, Mayi Kim-ki anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale, n'kukweza nsalu. Munali fumbi, ndodo yothyoka ya ambulera, ndi kathabwa kaja. Kanali chagada, kakugwedezekabe pang'ono.

Kuseka. Katatu kaduka. Apulumuka.

Anamwetulira, n'kuyamba kudzuka. Kenako anaima chogwada chomwecho. Apulumuka kupita kuti? Lubani watha. Loweruka a Positi adzanena zoona zokhazokha, monga mwa matenda awo: wa Epulo ayi, wakuda ayi, pampando palibe kanthu. Ndipo panali chinthu china chimene chinawanyansa kuchivomereza. Masiku onsewa akadya nkhomaliro maso amalemera ngati amangiriridwa miyala. Lero chifikireni m'nyumba muno sanayasamule ngakhale kamodzi. Mtima unali kuthamanga, makutu akutentha, manja akuyabwa kufuna khosi la munthu. Anali asanamve bwino chonchi chichokereni kumanda.

"Mdala iwe," ananong'ona, "waseka mokwanira."

Anatambasula chala chimodzi n'kukagudubuza kathabwako. Chafufumimba.

"Ndipo ukhale chete. Nawenso unkabera pa njuga."

A Hok-lai analowa ndi tochi, anagwada mbali inayo, anaunika, anayang'ana ka pakati pa chipinda, n'kuunikanso. Anazimitsa tochi.

"Katatu," anatero.

"Ayi," anatero Mayi Kim-ki, akugwira pamtima. "Musandiuze."

"Simunakagwire?"

"Ine? Ndi mawondo awa? Ndangofika kumene pansi pano."

"Fumbi likuoneka ngati lasuntha."

"Ndi achimwene anu. Anagubuduza ndi mphamvu."

A Hok-lai anaimirira, anakonza kolala, n'kuwerama katatu kuguwa ngati msilikali wotumizidwa kunkhondo. "Ndamva, achimwene. Ndikamuuza Le-hua kuti pampando papezeka chamoyo."

"Mukamuuzenso kuti amake analira pomva."

"Munalira chifukwa cha lubani."

"Mukangoti analira."

"Timanyamuka nthawi yanji?"

"Tikadya kadzutsa. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu."

"Ndizikhala cha kuwindo, windo lili lotsegula."

"Pampando pamenepo palibe kwina kokhala."

"Tiziima pakona iliyonse yachitatu kuti ndipume."

"Tiziima ndikafuna ine."

"Mukadutsa liwiro lolembedwa pachikwangwani, ndizinena."

"Ndikudziwa."

"Mukapanda kufika liwirolo, ndizinenanso."

"Ndati ndikudziwa, a Positi." Mayi Kim-ki anapinda kalendala, anatsanzikana ndi wa Epulo mumtima, n'kutola magwafa awo. Pakhomo anatembenuka, nkhope itawala ndi nzeru yatsopano. Kubera kumeneku kunali ndi phindu lina limene sanaliganizire. Kagalu ka riboni kakanangokhala n'kumaonerera, koma apa apeza mwamuna wamanja awiri. "Komabe mdala waganiza bwino. Madengu makumi asanu ndi limodzi aja tizikweza awiri, tizitsitsa awiri. Msana wanga upumeko."

A Hok-lai anali akupukuta timatabwa ndi mpango. Anatiika m'kabati, anatseka, n'kutembenuka ndi nkhope yawo ija ya envulopu.

"Alamu, mwafunsa katatu, ndipo katatu konse mwati galu. Munaonapo galu akunyamula kabichi?"